Mafunso ndi Mayankho: Kodi dzina la malonda anu ndi lanu mpaka pati?

Makalata ambiri amene afika pa tsamba lino mwezi uno achokera kwa amalonda a m'mbali mwa msewu wa M1, kuyambira ku Ntcheu mpaka ku Dedza, ndipo onse akukamba za dzina ndi chizindikiro chimene munthu amaika pa katundu wake. Ndasankhapo asanu. Mayina a olemba ndi a malonda awo ndawachotsa, popeza zina mwa nkhanizi zikhoza kudzafika kukhoti.

FUNSO: Alangizi, ndine mayi wa ku Kampepuza ku Ntcheu. Kwa zaka 6 ndakhala ndikupanga chiponde chimene ndimachiika m'mabotolo omatidwa pepala lachikasu lojambulidwa dengu la mtedza. Bizinesi yanga ndinailembetsa ndipo satifiketi ndili nayo. Tsopano munthu wina akugulitsa chiponde ku Mphate ndi ku Biriwiri m'mabotolo ngati anga, pepala lachikasu lomwelo, dengu lomwelo, wangosintha chilembo chimodzi pa dzina. Makasitomala ena abwera kudzandidandaulira kuti chiponde changa chasintha kukoma, chonsecho si changa. Kodi satifiketi yanga singamuletse?

YANKHO: Pepani kwambiri mayi, chifukwa mbiri yabwino ya zaka 6 siipezeka mwangozi. Koma ndikuuzeni zoona: satifiketi imene muli nayoyo payokha singamuletse. Imeneyo inaperekedwa potsatira lamulo lolembetsa mabizinesi la 2012, ndipo ntchito yake ndi kudziwitsa boma kuti bizinesi yakutiyakuti ilipo ndipo mwini wake ndi uje. Chizindikiro cha malonda chili ndi lamulo lakelake la 2018 ndi kaundula wakewake. Anthu ambiri amasokonezeka chifukwa zonse ziwiri zimalembetsedwa ku ofesi imodzi, imene ambiri timaidziwa ndi dzina la Registrar General, choncho munthu akatuluka ndi pepala limodzi amayesa kuti watenga zonse. Chimodzimodzinso chidindo cha Malawi Bureau of Standards: chimenecho chimachitira umboni kuti chiponde chanu chapimidwa ndipo chikukwanira pa muyezo, osati kuti dzinalo ndi lanu nokha.

Sikuti mulibe pogwira. Lamulo limene tinatengera ku England limaletsa munthu kugulitsa katundu wake pomunamizira kuti ndi wa mnzake, ndipo maloya amatcha mlandu wotere passing off. Mu 1990 oweruza akuluakulu a ku Britain, pa mlandu wa madzi a ndimu a Jif amene ankagulitsidwa m'kabotolo kooneka ngati ndimu, anafotokoza zinthu zitatu zimene wodandaula ayenera kuonetsa: kuti ogula amadziwa katunduyo ndi maonekedwe amenewo ngati wake, kuti mnzakeyo akuchititsa ogula kuganiza kuti akugula wa iye, ndiponso kuti zimenezi zikumuonongera malonda. Zonse zitatu zimafuna umboni, ndipo apa ndi pamene amalonda athu ambiri amagwera. Sonkhanitsani malisiti a kumene mumasindikizitsa mapepala omata aja, makamaka akale kwambiri, mabuku amene mumalembamo zogulitsa, ndi zithunzi za katundu wanu ali m'mashopu. Gulani botolo limodzi la mnzanuyo, musunge lisiti lake, musalitsegule. Koposa zonse, makasitomala amene anabwera kudzadandaula aja musawaone ngati chipongwe, chifukwa iwowo ndiwo mboni zanu zamphamvu: lembani mayina awo, tsiku limene anabwera ndi kumene anagula. Ndi zimenezi loya akhoza kulemba kalata yomuchenjeza munthuyo, ndipo akakana, nkhani imapita ku nthambi ya zamalonda ya bwalo lalikulu la milandu kukapempha chiletso. Mukhozanso kukadandaula ku Competition and Fair Trading Commission, amene amaona za kunamiza ogula.

Pamene mukuchita zimenezi, musachedwe kulembetsa chizindikiro chanu, chifukwa palibe chimene chikuletsa mnzanuyo kukafika ku ofesi ija inu musanafike, ndipo zikatero mudzakhala inu wothamanga ndi mapepala otsutsa. Mumayamba ndi kufufuzitsa m'kaundula ngati mulibe chizindikiro chofanana ndi chanu. Kenako mumapereka pempho losonyeza chizindikirocho ndi katundu amene mukufuna kuchigwiritsira ntchito, ndipo popeza kaundula amagawa katundu m'magulu a manambala, chiponde chili m'gulu 29. Ofesi imaunika pempholo, ikakhutira imalilengeza poyera kuti amene ali ndi chifukwa chotsutsira atero m'masiku oikika, ndipo pakapanda wotsutsa mumalandira satifiketi ya zaka 10, imene mungamaikonzenso zaka 10 zilizonse malinga mukulipira. Ubwino wake ndi wakuti pa mlandu wina uliwonse wa m'tsogolo simudzafunikanso kuyamba ndi kutsimikizira khoti kuti ogula amakudziwani.

Ndikupempheni chinthu chimodzi chimene ambiri amachiiwala: musalembetse dzina lokha, lembetsaninso pepala lonselo ndi dengu lake ndi mtundu wake. Mu Januwale 2025 bwalo la apilo la ku England linagamula mlandu wa kampani ya Thatchers, yopanga chakumwa cha maapozi chothira ndimu, ndi sitolo za Aldi. A Aldi anaika dzina lina ndithu, Taurus, koma maonekedwe a chitini anatengera a Thatchers, ndipo khoti linati anadyerera mbiri ya anzawo mosayenera. A Thatchers anapambana chifukwa chimene analembetsa chinali chithunzi chonse cha pachitini, osati dzina lokha. Zigamulo za ku England sizimanga makhoti athu, ndipo mawu a malamulo a mayiko awiriwa safanana paliponse, koma oweruza athu amaziwerenga ndi kuzilingalira. Ogula ambiri pa msika wa Kampepuza sawerenga dzina, amangoona chikasu ndi dengu n'kutulutsa ndalama, ndiye chimene diso lawo limagwira ndi chimene muyenera kuteteza.

FUNSO: Ndine mnyamata wa ku Dedza boma ndipo ndili ndi malo odyera pafupi ndi depoti ya basi. Bambo anga aang'ono, amene kale ankagwira ntchito mu ofesi ya maloya, akuti dzina la malo odyera silingalembetsedwe ngati chizindikiro chifukwa si katundu. Mnzanga akuti zimenezo ndi zakale, ndipo akundilimbikitsa kuti ndilembetse dzinali pa chilichonse, zovala, zakumwa, magalimoto onyamula anthu ngakhale mankhwala, kuti wina asadzalikhudze. Ndimvere ndani?

YANKHO: Achimwene, bambo anu aang'ono akunena zoona za nthawi imene iwo ankagwira ntchito. Lamulo lakale linali la 1957, la m'nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, lotengera lamulo la ku Britain la 1938, ndipo linkadziwa zizindikiro za katundu basi. Lamulo latsopano, nambala 2 la 2018, linayamba kugwira ntchito pa 1 Okutobala 2018, ndipo ndi limene linatsegulira khomo anthu ogulitsa ntchito osati katundu: a malo odyera ndi ogona alendo, ometa ndi oluka tsitsi, a sukulu, a mabasi. Katundu ndi ntchito zonse zinagawidwa m'magulu 45 potsatira mgwirizano wa ku Nice, magulu 1 mpaka 34 a katundu ndipo 35 mpaka 45 a ntchito. Malo odyera ali m'gulu 43. Pamenepa mnzanu walondola.

Pa langizo lake lachiwiri lija ndiye musamumvere. Chifukwa choyamba ndi cha m'thumba, popeza gulu lililonse limalipiridwa palokha. Chachiwiri ndi chakuti chizindikiro chimene chakhala zaka 5 zotsatizana osagwiritsidwa ntchito pa katundu amene chinalembetsedwera chikhoza kufufutidwa ngati wina wapempha. Chachitatu ndi chachikulu, ndipo ndi chimene makhoti akunja akhala akuchiunika kwambiri zaka zapitazi.

Pa 13 Novembala 2024 bwalo lalikulu kwambiri la ku Britain linapereka chigamulo pa mlandu wa Sky, kampani yaikulu ya wailesi yakanema, ndi SkyKick, kampani ya ku America yosunga ndi kusamutsa makalata a pa intaneti. A Sky anali atalembetsa dzina lawo pa mndandanda wautali zedi wa katundu, mpaka zikwapu ndi mankhwala oyeretsera zovala, zinthu zimene sankagulitsa ndipo panalibe chosonyeza kuti adzagulitsa. Khoti linati kulembetsa dzina pa katundu amene ulibe naye cholinga chenicheni, pongofuna kukhala ndi chida chomenyera ena, kukhoza kutengedwa ngati chinyengo, ndipo mbali yotero ya chizindikirocho imafufutidwa. Mbali ziwirizo zinali zitagwirizana kale kunja kwa khoti, koma oweruza anaperekabe chigamulocho poona kuti nkhaniyo ikukhudza anthu ambiri. Ine chigamulochi ndimagwirizana nacho ndi mtima wonse, chifukwa kaundula akadzaza ndi mayina ongosungira malo, amene amavutika ndi wamalonda wamng'ono ngati inuyo, amene amapeza dzina lililonse labwino litatsekedwa ndi munthu amene saligwiritsa ntchito. Akuluakulu anati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada.

Mlandu wina ndi wa malo odyera ngati anu. Pa 5 Juni 2024 khoti la mgwirizano wa mayiko a ku Ulaya linagamula dandaulo la Supermac's, kampani ya ku Ireland, lotsutsa dzina la Big Mac limene a McDonald's analembetsa mu 1996. A McDonald's anatsala nalo dzinali pa chakudya chawo cha nyama ya ng'ombe, koma linawachokera pa zakudya za nkhuku ndi pa ntchito yoyendetsa malo odyera, chifukwa umboni umene anapereka sunasonyeze kuchuluka kwa zimene anagulitsa ndi dzinalo pa zaka 5 zimene zinkaunikidwa. Anabweretsa zithunzi za mindandanda ya zakudya ndi za malonda a pa kanema, koma khoti linkafuna manambala. Ngati kampani yodziwika dziko lonse inalephera chifukwa chosowa mapepala oyenera, inu ndi ine tisaganize kuti woweruza adzangovomera chifukwa aliyense ku Dedza boma amadziwa pamene pali malo anu.

Lembetsani gulu 43. Ngati mulidi ndi dongosolo loyamba kuika m'mabotolo sosi wanu wa tsabola wa kambuzi, onjezerani gulu 30, ndipo dongosololo likhale lolembedwa, lokhala ndi tsiku ndi mitengo imene munafunsa ya mabotolo ndi makina. Dzinalo lizioneka pa malisiti anu onse monga momwe linalembetsedwera, ndipo mabuku a zogulitsa muzisunga chaka ndi chaka.

FUNSO: Ndife alimi a mbatata ya kachewere ku Bembeke ndipo tili m'kopaletivi. Ogula a ku Lilongwe ndi ku Blantyre amafunsa mbatata ya kwathu, koma ogulitsa ena amatchula dzina la dera lathu pa mbatata yochokera kwina. Kodi tingalembetse dzina lakuti Bembeke kuti likhale la kopaletivi yathu?

YANKHO: Zikomo abambo ndi amayi. Dzina la dera palokha silingakhale chizindikiro cha munthu mmodzi kapena cha gulu limodzi, chifukwa limangonena kumene katundu wachokera, ndipo mlimi wa ku Bembeke amene sali m'kopaletivi yanu ali ndi ufulu wonena zoona kuti mbatata yake ndi ya ku Bembeke. Pa chifukwa chomwecho mawu ongoyamikira katundu, monga yokoma kapena yabwino, saloledwa paokha. Koma lamulo la 2018 linabweretsa njira zina zokuyenererani. Pali chizindikiro cha gulu, chimene mwini wake ndi kopaletivi ndipo amachigwiritsa ntchito ndi mamembala okha potsatira malamulo amene mwalemba ndi kupereka pamodzi ndi pempho lanu. Chimenechi chikhoza kukhala chithunzi ndi mawu anuanu, ndipo mbatata yosaphika ili m'gulu 31. Palinso chitetezo cha dzina la dera lochokera katundu, chimene chimaperekedwa ngati ubwino kapena mbiri ya katunduyo imachokeradi ku dothi, nyengo kapena luso la kumaloko. Chitetezo chimenechi si cha kopaletivi yokha, ndi cha mlimi aliyense wa m'deralo amene akutsatira ndondomeko yake.

Anzathu a mu Africa anayenda kale njira zimenezi. Tiyi wa rooibos wa ku South Africa analembedwa mu 2021 m'kaundula wa mayiko a ku Ulaya wa mayina otetezedwa a madera, ndipo dziko la Ethiopia linalimbana ndi kampani ya Starbucks pa mayina a khofi a Sidamo, Harar ndi Yirgacheffe mpaka anagwirizana mu 2007. Koma ndisakubisireni kuti chovuta si pepala ayi. Muyenera kugwirizana malire a dera lanu, mitundu ya mbewu, kasankhidwe ka mbatata ndi munthu woyendera, komanso kupeza njira yoti thumba lochoka m'munda mwanu lifike kwa wogula lisanasakanizidwe pa msika wa m'njira. Anzanu a ku Tsangano ali ndi funso lovuta kuposa lanu, chifukwa dzina lawo limapezeka mbali zonse ziwiri za malire, ku Ntcheu ndi ku chigawo cha Tete ku Mozambique. Ine ndikuona kuti muyambe ndi chizindikiro cha gulu chosindikizidwa pa matumba osokedwa pakamwa, chifukwa chimenecho mungachikwanitse nokha chaka chino.

FUNSO: Ndimapanga ufa wa phala la soya ku Lizulu ndipo chizindikiro changa ndinachilembetsa kale kuno ku Malawi. Katundu wanga amagulidwa kwambiri tsidya la msewu, ku Mozambique, mpaka ku Ulongwe wa ku Angonia, ndipo ndikufuna kuyesa ku Zambia ndi ku Tanzania. Kodi satifiketi yanga imagwira ntchito kumeneko?

YANKHO: Ayi bambo, mphamvu ya satifiketi yanu imathera pa malire a dziko, ndipo inu a ku Lizulu mukudziwa kuti malirewo ali pafupi bwanji. Munthu akhoza kulembetsa dzina lanu ku Maputo n'kukuletsani kugulitsa ufa wanu womwe ku Angonia. Njira zodzitetezera zilipo zitatu, ndipo kusankha kwake kumadalira dziko limene mukupita.

Mukhoza kulembetsa mwachindunji ku ofesi ya dziko lililonse kudzera mwa loya wa kumeneko. Mukhoza kudzera ku ARIPO, bungwe la mayiko a mu Africa lolembetsa zizindikiro za malonda, limene likulu lake lili ku Harare, pansi pa pangano la ku Banjul la 1993, limene Malawi ali m'gulu la mayiko oyamba kulowamo ndipo Mozambique analowamo mu Ogasiti 2020. Mukhozanso kudzera njira ya Madrid, yoyendetsedwa ku Geneva ndi WIPO, bungwe la mayiko a dziko lonse loona za umwini wa zizindikiro ndi zaluso, imene inayamba kugwira ntchito ku Malawi pa 25 Disembala 2018. Mozambique ndi Zambia onse ali mu njira ya Madrid, choncho pempho limodzi loperekedwa kudzera ku ofesi yathu likhoza kutchula mayiko onse awiri. Malipiro oyambira ndi mafranki a ku Switzerland 653, kapena 903 ngati chizindikiro chili ndi mitundu, koma ochokera m'mayiko osauka kwambiri monga lathu amalipira gawo limodzi mwa magawo 10 a ndalama imeneyi, ndipo pamwamba pake pamabweranso malipiro a dziko lililonse limene atchula. Dziko lililonse limaunikabe pempholo ndi malamulo ake ndipo likhoza kukana. Dziwaninso kuti kwa zaka 5 zoyambirira chitetezo chakunjacho chimatsamira pa satifiketi ya kuno kwathu, kotero kuti ya kuno ikafufutidwa, nachonso chimagwa. Ku Mozambique kuli lamulo lina loti mwini chizindikiro azipereka, zaka 5 zilizonse, chikalata chotsimikiza kuti akufuna kuchigwiritsabe ntchito, ndipo ambiri amaliiwala.

Ku Tanzania samalani. Dzikolo silili mu njira ya Madrid, ndipo mu 2025 bwalo lake la apilo, pa mlandu wa Lakairo Industries ndi Kenafric Industries, linagamula kuti zizindikiro zolembetsedwa kudzera ku ARIPO zilibe mphamvu kumeneko chifukwa pangano la ku Banjul silinalowetsedwe m'malamulo a dzikolo. Makampani amene anadalira satifiketi ya ku Harare anadzidzimuka ali pa mbalambanda. Kuno kwathu nkhawa yomweyo inalipo kale, koma lamulo la 2018 linaithetsa povomereza mapangano onse awiri, la Banjul ndi la Madrid. Choncho ku Tanzania pitani mwachindunji ku ofesi yawo ya BRELA, podziwa kuti Zanzibar ali ndi kaundula wakewake. Mukadzaganiza za South Africa, nakonso n'kolembetsa mwachindunji, chifukwa sali mu njira ziwiri zija.

FUNSO: Malemu amuna anga anali ndi chigayo ku Linthipe ndipo analembetsa chizindikiro cha ufa wawo lamulo latsopano lisanabwere. Ine ndikupitiriza ntchitoyo. Kodi satifiketi yawo ikadali ndi mphamvu?

YANKHO: Pepani ndi imfa ya bambo, mayi. Pansi pa lamulo lakale satifiketi inkakhala zaka 7 poyamba, kenako inkakonzedwanso zaka 14 zilizonse, choncho onani tsiku limene lili pa pepalalo ndi pa malisiti a malipiro omaliza, ndipo funsani ku ofesi ngati chizindikirocho chikadali m'kaundula. Ngati chinachotsedwa chifukwa chosalipira, funsani ngati chingabwezeretsedwe, apo ayi lembetsani chatsopano mwamsanga. Chizindikiro ndi chuma monga chigayo chomwecho, ndipo chimalowa m'chuma cha masiye motsatira lamulo la 2011. Mukapita ku ofesiko tengani satifiketi ya imfa, makalata okupatsani mphamvu yoyendetsa chuma cha malemu ndi chiphaso chanu cha unzika, kuti dzina la mwini lisinthidwe m'kaundula, chifukwa makalata onse ochenjeza za kutha kwa nthawi amapita ku dzina ndi keyala zimene zili m'menemo.